Loweruka m'mawa ku Delta Park: kayambidwe ka parkrun kwa munthu amene sanathamangepo

Nesi wa pa kiliniki ina kuno ku Joni atandiyeza BP kachiwiri, anandiyang'ana pamimba n'kundifunsa ngati ndimayendako wapansi. Ndinaseka. Ine mwana wa ku Ntcheu, amene ndinakula ndikupita kuchigayo ndi thumba la chimanga pamutu, lero ndikufunsidwa ngati ndimayenda? Koma pobwerera ndili mu tekisi ndinawerengera bwinobwino. Chiyambireni ntchito ya udalaivala, ulendo wanga wapansi unali wochoka pakhomo la chipinda changa kukafika pa chitseko cha galimoto ya abwana, basi. Madzulo pap ndi nyama, kenako foni m'manja mpaka tulo. Lamba ndinali nditaboola kale kabowo kena ndi msomali.

Za ku jimu sindinaziganizire n'komwe, chifukwa ndalama ya pamwezi imene amafuna kumeneko kwathu ndi feteleza. Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wina wa ku Zimbabwe, wogwira ntchito ya m'dimba pa nyumba yoyandikana ndi ya abwana anga. Iyeyu ndiye ananditengera ku Delta Park Loweruka lina m'mawa, ku chinthu chimene amachitcha parkrun. Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanapite, kuti ndisakachite manyazi monga ndinachitira.

Parkrun ndi makilomita 5, Loweruka lililonse m'mawa, m'paki, kwaulere. Mutha kuthamanga, mutha kuthamanga mwa ndawala, mutha kuyenda kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wina amakuwerengerani nthawi ndipo tsiku lomwelo zotsatira zimakupezani pa foni. Palibe chikho, palibe ndalama yopambana. Onse amene amayendetsa zinthu pamalopo, woimba wezulo, wogwira wotchi, oima m'makona kulozera njira, ndi mavolontiya, anthu wamba amene Lolemba ali ku ntchito zawo ngati inu ndi ine.

Ndinachita chidwi nditamva kuti woyambitsa zonsezi ndi munthu wa kuno kummwera. Dzina lake ndi Paul Sinton-Hewitt, anabadwira ku Zimbabwe, n'kukulira ku South Africa, kenako anakakhala ku Mangalande. Mu 2004 zinthu zinamuthina: ntchito inatha, mwendo anavulala moti sakanatha kuthamanga ndi anzake a m'kalabu yake ya Ranelagh Harriers. Chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali mwendowo koma kusowa anzake. Ndiye anakumbukira chizolowezi cha makalabu othamanga a ku South Africa, chokumana kamodzi pa sabata n'kumayesana nthawi pa mtunda womwewomwewo. Pa 2 Okutobala 2004 anaitana anzake ku Bushy Park, ku London, ndipo anabwera othamanga 13. Iye anaima pomalizira ndi wotchi. Timanambala topatsa omaliza tinali timawashala tachitsulo ta mu hadiweya tokhomedwa manambala. Atatha anapita kukamwa khofi limodzi, ndipo khofiyo ndiye anali cholinga chenicheni cha mkuluyu. Poyamba ankachitcha Bushy Park Time Trial, dzina loti parkrun linabwera pambuyo. Malo achiwiri anatsegulidwa ku Wimbledon Common mu 2007, ndipo kuchoka apo chinthuchi chinayanga ngati dzungu, mpaka lero chili m'mayiko oposa 20.

Kuno ku South Africa chinafika mu 2011, ndipo malo oyamba ndi Delta Park yomweyi. Amene anachitsogolera ndi Bruce Fordyce, uja anapambana mpikisano wa Comrades maulendo 9, mpikisano wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Ndimaona kuti n'zoseketsa komanso zabwino kuti munthu wa mitunda yoopsa choncho ndi amene anabweretsa kamtunda koti ngakhale agogo akhoza kukamaliza ndi ndodo m'manja.

Tsopano kayambidwe kake. Choyamba ndi kulembetsa, ndipo mumalembetsa kamodzi kokha moyo wanu wonse. Ngati muli ku South Africa lowani pa parkrun.co.za, ngati muli ku UK pa parkrun.org.uk. Amafunsa dzina, tsiku lobadwa, imelo, ndi parkrun imene mukufuna kuti ikhale ya kwanu. Mulembenso dzina ndi nambala ya munthu woti angamuimbire mutadwala mwadzidzidzi, musapalumphe pamenepo. Ndikudziwa funso limene abale anga ambiri a kuno ali nalo mumtima, chifukwa nanenso ndinali nalo: kodi safunsa mapepala? Safunsa pasipoti, safunsa pemiti, safunsa khadi ya ku banki. Chokhacho choti mudziwe n'chakuti dzina limene mwalembalo limaoneka pa intaneti, pa mndandanda wa zotsatira, pamodzi ndi nthawi yanu. Ngati munauza abwana kuti Loweruka m'mawa mumakhala muli ku kwaya, zimenezo muzikonze nokha.

Mukamaliza kulembetsa amakupatsani barcode yanuyanu, timizeremizere tija ngati ta pa paketi ya shuga, yokhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo A. Imeneyi ndiye chiphaso chanu, ndipo imagwira ntchito pa parkrun iliyonse padziko lapansi. Lamulo lake silipindika: popanda barcode palibe nthawi. Mutha kuthamanga ndithu, palibe angakuthamangitseni, koma pa mndandanda mudzangolembedwa kuti wosadziwika. Kutchula dzina pakamwa, kapena kuchonderera kuti nambala ndikuidziwa pamtima, sizithandiza. Masiku ano amalola kuionetsa pa foni, choncho ijambuleni pa sikirini kuti musadalire data pamalopo. Komabe ine ndimalimbikitsa ya papepala. Pitani pa intaneti kafe, akusindikizireni, ndipo muikute ndi pulasitiki kapena ndi selotepu mbali zonse. Yanga yoyamba ndinaiika m'thumba la malaya osaikuta, pofika pomaliza inali phala ndi thukuta. Ndipo kunena zoona, kuthamanga ndi foni yodula m'manja kuno ku Joni si nzeru yoti ndingakupatseni.

Kenako sankhani malo. Pa webusaiti pali mapu osonyeza ma parkrun onse, ndipo ku Gauteng kokha, chigawo chimene muli Joni, alipo ambirimbiri. Sankhani oyandikira, osati otchuka. Ngati kukafika kukufuna matekisi awiri, Loweruka lachitatu simudzapitanso, ndikulumbira. Onaninso nthawi yoyambira pa tsamba la malo amene mwasankhawo. Ku Delta timayamba 8 koloko, ku England amayamba 9 koloko. Ndipo 8 koloko yake ndi ya wotchi, si ija ya pa ukwati ya kwathu yoti mkwati amafika dzuwa litapendeka. Fikani kukadali mphindi 20.

Vuto lalikulu kwa ambiri a ife ndi lakuti Loweruka ndi tsiku la ntchito kapena la ganyu. Ine ndinachita kupempha. Ndinafotokozera abwana za BP ija, ndipo tinagwirizana kuti Loweruka ndizilowa 10 koloko n'kuweruka mochedwerako. Ngati kwanu sizingatheke sabata iliyonse, kawiri pamwezi n'kokwanira poyambira. Palibe amene amaitana mayina, palibe chindapusa cha kujomba.

Zovala musavutike nazo. Mudzaona anthu ovala nsapato zodula ndi mawotchi olankhula, musatekeseke. Ine ndinayamba ndi nsapato zamasewera za pa kaunjika, kabudula wa mpira ndi tisheti ya kampeni. Chofunika n'chakuti nsapato ikhale yoti phazi linaizolowera kale, osati yatsopano yogula dzulo, ndipo muvale sokosi. Masilipasi ayi, njira za m'paki zimakhala ndi miyala, mizu ndi udzu wa mame. Amayi, ndaonapo ena akuyenda atavala siketi ndi taiti mkati, palibe anawayang'ana kawiri. M'mwezi wa Juni ndi Julayi udzu wa ku Delta umakhala woyera ndi chisanu, valani juzi yoti mukatenthedwa mumanga m'chiuno. Pa zakudya, tiyi ndi nthochi imodzi kukadali ola n'zokwanira. Mkute wa nsima m'mawa umenewo usiyeni, ndinayesapo, ndipo kilomita yachiwiri ndinaimva m'nthiti.

Mukafika, funsani aliyense wovala chovala chowala cha mavolontiya kuti ongoyamba kumene amasonkhana pati. Pamakhala kamsonkhano kochepa ka alendo, kamene amafotokozamo njira yonse ndi zochita pomaliza. Pambuyo pake woyang'anira tsikulo amalankhula kwa onse, amawombera m'manja mavolontiya, amatchula amene akwanitsa maulendo 50 kapena 100, kenako n'kuuyamba. Apa mverani bwino: imani kumbuyo. Kutsogolo kumaima anyamata omaliza mu mphindi zosakwana 20, ndipo mukaima pakati pawo mudzatengeka ngati chitsotso pa madzi osefukira. Ndi zimene zinandichitikira. Ndinaima kutsogolo poganiza kuti ndine mwamuna, ndinaliyatsa liwiro mamita 400 oyamba, kenako chifuwa chinatseka. Ndinaima nditagwira mawondo, azimayi okankha ana m'ngolo akundipitirira, ena akundifunsa ngati ndili bwino.

Mbali ina ya vutolo ndi malo enieniwo. Johannesburg ili pamwamba, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Munthu wa ku Dedza sangadabwe kwambiri, koma ngati mwangofika kumene kuchokera ku Nsanje, Chikwawa kapena Mangochi, mudzamva kubanika pa kachitunda kakang'ono. Si matenda, thupi limazolowera.

Ndiye kachitidwe kabwino ka tsiku loyamba ndi aka: yendani. Yendani mwachangu ngati mukuthamangira basi ya 6 koloko imene mukuiona ili pa siteji, koma osathamanga. Munthu wamkulu woyenda bwino amamaliza makilomita 5 mu mphindi 50 kapena ola limodzi. Loweruka lachiwiri kapena lachitatu yambani kusakaniza, kuthamanga pang'ono mphindi imodzi, kuyenda mphindi ziwiri kapena zitatu, chonchobe mpaka kumapeto. Sabata ndi sabata muzitalikitsa yothamanga, muzifupikitsa yoyenda. Muyeso wake ndi pakamwa: ngati simungathe kuyankha moni wa mnzanu ndi chiganizo chathunthu, mwafulumira, bwezani. Potsetsereka musadzitaye, mawondo a munthu wa zaka 40 si a mwana wa sukulu. Ndipo pakati pa sabata muyendeko kawiri mphindi 30, apo ayi Loweruka lililonse lidzakhala ngati loyamba. Ngati muli ndi BP yokwera kwambiri, shuga, vuto la mtima kapena ndinu woyembekezera, uzani adokotala kaye, ndipo mankhwala musasiye chifukwa choti mwayamba kuthamanga. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani pomwepo muuze volontiya amene ali pafupi.

Mantha amene anthu ambiri amandiuza ndi oti adzakhala omaliza, anthu n'kumawaseka. Anaziganizira kale zimenezi. Pa parkrun iliyonse pamakhala volontiya wotsekera kumbuyo, amamutcha tail walker, amene ntchito yake ndi kumaliza pambuyo pa wina aliyense. Kale ankamutcha wothamanga kumbuyo, koma mu 2017 anasintha dzinalo kuti likhale la woyenda, pofuna kuti oyenda asamadzione ngati alendo osaitanidwa. Mu 2022 anawonjezeranso ena otchedwa parkwalker, oyenda pakati pa gulu kuperekeza oyenda anzawo. Choncho ngakhale mutatenga ola ndi mphindi 15, kumbuyo kwanu kuli munthu, ndipo ogwira wotchi sachoka mpaka iye atafika.

Pomalizira pali kachitidwe kake, ndipo apa ndi pamene ongoyamba amasokoneza. Mukadutsa mzere, wogwira wotchi amadina. Musaime pamenepo, musabwerere, ndipo musadutsenso kachiwiri poperekeza mnzanu, chifukwa kudina kumodzi kowonjezera kumasokoneza nthawi za anthu onse obwera pambuyo panu. Pitirirani kuyenda m'kanjira ka zingwe mosadumphana, mmene mwalowera ndi mmene mutulukire. Kumapeto kwake wina adzakupatsani kapulasitiki kakang'ono kokhala ndi nambala ya malo amene mwamaliza, amati token, mdzukulu wa mawashala aja. Tengani token ndi barcode yanu kwa mavolontiya osikana, ayambe asikana barcode yanu, kenako token, ndipo token muisiye komweko. Ine tsiku loyamba ndinaiyesa mendulo. Ndinapita nayo kunyumba, ndinaijambula n'kutumiza chithunzi kumudzi pa WhatsApp. Mnzanga uja ataiona anagwira pakamwa, ndipo Loweruka lotsatira ndinakaibweza mutu uli pansi. Anangoseka, akuti zimachitika kawirikawiri, koma imasowetsa mtendere munthu amene amasanja timapulasitikito.

Zotsatira zimabwera pa imelo tsiku lomwelo. Nthawi yanga yoyamba kulembedwa inali mphindi 52. Mudzaona zilembo PB, kutanthauza nthawi yabwino koposa imene inuyo munachitapo, ndipo miyezi yoyambirira muzidzaiphwanya pafupifupi sabata iliyonse. Kenako imaima, ndipo ambiri amagwa ulesi pamenepo. Yanga inaima pa 33 ndipo yakana kusuntha, koma lamba uja ndabwerera pa bowo lake lakale.

Ana ndi ololedwa, koma wosakwana zaka 11 ayenera kukhala pafupi ndi munthu wamkulu, poti mutha kumugwira ndi dzanja, ulendo wonse. Ku UK ndi mayiko ena kulinso ya ana okhaokha Lamlungu, makilomita 2, ya zaka 4 mpaka 14. Agalu amaloledwa m'malo ambiri, mmodzi pa munthu, pa chingwe chachifupi. Ndikudziwa kuti ambiri a ife agalu a kuno timawadziwira pa geti akuuwa, koma a m'pakiwa alibe nanu ntchito.

Mukamaliza musathamangire tekisi. Khalani kaye mphindi khumi, womberani m'manja amene akubwera. Ndisaname, masabata oyamba ndinkadziona wachilendo, chifukwa ku Delta anthu ambiri ndi a mtundu wa abwana anga, ofika pa galimoto zawo, ndipo khofi amene amagula akamaliza si wa thumba langa. Ndimabwera ndi tiyi wanga mu fulasiki. Koma ndinaona chinthu chimene sindinachionepo kwina kuno ku Joni: pa chitunda chija aliyense amapuma mofanana. Bambo wina wachikulire amene tinkapitirirana sabata ndi sabata anayamba kundipatsa moni, kenako kundidikira pomaliza, ndipo patapita miyezi ndi pamene ndinadziwa kuti ndi loya. Mpaka lero sanandifunsepo kuti ndimagwira ntchito yanji.

Mwina mukufunsa kuti nanga ndalama amazipeza kuti, popeza kwathu timadziwa kuti chaulere chimakhala ndi mbedza. Bungwe la parkrun cholinga chake limachinena poyera, kuti likufuna dziko la anthu athanzi ndi osangalala, ndipo lonjezo lake ndi loti zikhala zaulere, za aliyense, mpaka kalekale. Linalembetsedwa ku UK ngati bungwe lachifundo, losapanga phindu. Ndalama zoyendetsera makompyuta, inshuwalansi ndi antchito ochepa a ku ofesi zimachokera kwa makampani othandiza, ku zopereka za anthu ndi ku malonda a zovala. Lonjezo la ulere lija linayesedwapo. Mu 2016 khonsolo ya Stoke Gifford, pafupi ndi Bristol, inagamula kuti parkrun ya ku Little Stoke izilipira pogwiritsa ntchito paki. Akhonsolo anali ndi mfundo yawo, akuti njira za m'paki zimatha ndipo kukonza kumafuna ndalama. A parkrun anasankha kuthetsa parkrun ya pamalopo kusiyana ndi kulipira, poopa kuti akalola pamodzi, makhonsolo onse atengera, ndipo mapeto ake wothamanga ndiye adzapisa m'thumba. Ena anati kunali kuuma mutu. Ine amene ndinabwera chifukwa choti panalibe cholipira, ndili kumbali yawo. Kuchokera mu 2017 parkrun imachitikanso m'ndende zina, kuyambira ku Haverigg ku England, ndipo madokotala ena ku UK amalangiza odwala awo kuti azipitako.

Koma mbedza ilipo ndithu, ndipo ndi iyi: popanda mavolontiya, Loweruka limenelo kulibe parkrun. Zili ngati dima kapena kukumba manda kumudzi, palibe amene amalipidwa, koma aliyense amadziwa amene sabwera. Palibe adzakukakamizeni, komabe mukathamanga kasanu kapena kakhumi, perekani Loweruka limodzi. Kachitidwe kake n'kosavuta: uzani woyang'anira mukamaliza, kapena tumizani imelo ku adiresi imene ili pa tsamba la parkrun yanu, mutchule dzina, nambala yanu ya A ija ndi tsiku limene mungathe. Yambani ndi kuima pakona, ntchito yake ndi kuloza njira ndi kulimbikitsa anthu basi. Kusikana n'kosavutanso, amagwiritsa ntchito apu ya pa foni, ndipo amakuonetsani m'mphindi ziwiri. Kugwira wotchi kudikire kaye mpaka mutazolowera, chifukwa anthu asanu akalowa pamodzi chala chimanjenjemera. Ngakhale tsiku limene mwavulala kapena mwatopa mutha kubwera kudzathandiza, paja mwini wake anayambira pomwepo, ataima ndi mwendo wopweteka.

Amawerenganso maulendo anu, othamanga ndi odzipereka omwe, ndipo mukafika pa 50, 100, 250 ndi 500 pali matisheti ake a mitundu yosiyanasiyana: ya 50 ndi yofiira, ya 100 ndi yakuda. Akale amandiuza kuti Covid itatseka zonse mu Malichi 2020, n'kukhala kopitirira chaka osakumana, chimene ankachisowa sichinali kuthamanga, popeza kuthamanga munthu atha yekha mumsewu.

Disembala wapitayu ndili kumudzi, ndinadzuka Loweruka m'mawa n'kuyeza makilomita 5 pa foni, kuchoka pa mjigo kukazungulira kusukulu ndi kubwerera. Azakhali anga anatuluka ndi tsache m'manja n'kufuula kuti, "Akukuthamangitsa ndani?" Pofika pa chigayo ndinali ndi ana asanu ndi awiri pambuyo, opanda nsapato, onse akundipitirira n'kumandidikira kutsogolo. Dzina la parkrun simungangolitenga n'kulipachika pa gulu lanu popanda chilolezo cha eni ake, koma kusonkhana Loweruka m'mawa ndi wotchi imodzi ndi kope lolembamo mayina palibe amakuletsani, ndipo mlamu wanga wa njinga ya kabaza ndinamusiyira kopelo.

Loweruka likubwerali ku Delta ine ndi amene ndikutsekera kumbuyo. Mukaona bambo wamfupi wa chovala cha olenji, fulasiki ili m'chikwama, akuyenda pambuyo pa onse, mupatseni moni m'Chichewa. Barcode ija musaiwale kuikuta.